Ngati phiri layandikira dzuwa, bwanji kukuzizira?

Ndili ndi funso limene ana a sukulu amandiseka nalo, ngakhale palibe mwana amene anandiyankhapo mondigwira mtima. Pakati pa munthu amene wakhala pafupi ndi moto ndi amene wakhala kukhomo, thukuta limayamba ndani? Aliyense anena kuti wa pafupi ndi moto. Nanga bwanji kwathu ku Thambani munthu ukakwera phiri, kumene kuli kuyandikira dzuwa, mphepo imakulowa m'mafupa, pomwe anzathu a ku Chikwawa, amene ali pansi penipeni kutali ndi dzuwalo, amagona pabwalo chifukwa m'nyumba simugoneka?

Ine ndine mlimi wa manachesi ndipo sukulu ndinalekera panjira. Funsoli ndinakwera nalo basi ya ku Joni mwezi wa Okutobala, pamene ndinkapita kukaona mlongo wanga amene anakwatiwa kumeneko. Pambali panga panakhala bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma wa ku Chikwawa, amene ankapitirira mpaka ku Cape Town kwa mwana wake. Kutsogolo kwathu kunali mayi wina wa geni amene msewuwo anauzolowera kalekale.

"Kwanu n'kuti, achimwene?" anandifunsa aphunzitsiwo.

"Ku Thambani, bambo."

"Ooo, kumene kunafera nduna kuja."

Aliyense amatero. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Aaron Gadama, a Dick Matenje ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo a David Chiwanga, anapezeka atafa mumsewu wa kwathu. Boma la nthawiyo linati inali ngozi ya galimoto, koma kafukufuku amene anachitika boma litasintha mu 1994 anapeza kuti anthuwo anachita kuphedwa. Dziko lonse limadziwa Thambani chifukwa cha usiku umodzi umenewo. Sindinamvepo mlendo akufunsa za mapiri athu, za nkhalango imene atsamunda anaitcha yotetezedwa, kapena za nkhungu imene imakuta nsonga zake m'mawa wa mwezi wa Juni.

Titamaliza za mapasipoti pa Mwanza ndi pa Zóbuè, dziko linali likadali lathu lomwe lija: mapiri a miyala, mitengo ya mango, misuku apo ndi apo. Kenaka msewu unayamba kutsika, ndipo unatsika osalekeza. Misuku inatha. Panabwera mitengo ya minga, masau, tsanya, ndi milambe yaime chiimire yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Udzu unali utauma kuti gwa, pena utapsa ndi lupsa, nthaka ili mbuu. Wina atatsegula zenera, mpweya umene unalowa unali woti n'kutseka msanga.

"Aphunzitsi, kutenthaku n'kwa dziko la Mozambique?" ndinafunsa. "Kodi kumayambira pachipata paja?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Anandifunsa ngati ndinapitako ku Blantyre, ndipo nditavomera anati ndikumbukire zimene ndimaona basi ikatsika ku Mwanza kulowera ku Lisungwi ndi pa Zalewa. Zoona, kumenekonso kuli milambe, kumenekonso ana amagulitsa malambe ndi masau m'mbali mwa msewu, ndipo kumatentha koopsa, chonsecho ndi m'Malawi momwemo. Ukawoloka Shire n'kuyamba kukwera, pofika ku Blantyre kamphepo kabwerera. Kutentha, anatero aphunzitsi, kumatsata kukwera ndi kutsika kwa dziko, za malire sikudziwa.

Apa ndinawaponyera funso langa lija. Iwo anati dzuwa lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni, choncho ngakhale munthu aime pansonga ya Sapitwa ku Mulanje, sanayandikire dzuwa ndi pang'ono pomwe. Chachiwiri, dzuwa silitenthetsa mpweya mwachindunji. Limayamba latenthetsa nthaka, nthakayo n'kumatenthetsa mpweya umene wagundana nayo. Mpweya wa m'chigwa ndi wopanikizika chifukwa wasenza mpweya wonse wa pamwamba pake. Ukamakwera umamasuka n'kufutukuka, ndipo pofutukukapo umazizira. Mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Mzinda wa Tete uli pa mamita osafika 200 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pomwe Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000. N'chifukwa chake ku Tete miyezi ya Okutobala ndi Novembala kupitirira madigiri 40 si nkhani.

Ndinamva, koma ndinafunsabe kuti mpweya, umene sindinaugwirepo ndi dzanja, ungasenze bwanji unzake. Mayi wa geni uja anacheuka. "Bambo, makutu anuwo sanatsekeke pamene timatsika phiri paja?" Anali atatsekekadi. "Ndiye mwaumva kulemera kwake. Tisiyeni tigone."

Sindinagone, chifukwa kutsogolo kwa basi ndinkaona madzi ali waliwali pa phula. Tikayandikira, madziwo ankasunthira patsogolo. Aphunzitsi anati si madzi, ndi mpweya wotentha wa pamwamba pa phula umene umakhotetsa kuwala, ndiye chimene diso likuona pansipo ndi thambo. Chapatali kamvuluvulu ankayenda yekha m'munda wopanda kanthu atanyamula fumbi ndi mapesi. Kwathu amati mkati mwake mumakhala zinthu. Aphunzitsi anati mumakhala mpweya wotentha umene ukuthamangira kumwamba mozungulira, basi. Apo sindinawatsutse, komanso sindinawavomereze.

Tikuyandikira Moatize ndinaona mapiri a mtundu wina. Anali otuwa, ena akuda, pamwamba pake pophwatalala ngati anachita kusalaza, ndipo panalibe mtengo.

"Nanga mapiri awa anatani?"

"Amenewa ndi opangidwa ndi anthu. Ndi dothi ndi miyala zimene amachotsa pamwamba kuti apeze malasha."

Migodi ikuluikulu ya malasha ya kumeneko inayamba ntchito mu 2011 pansi pa kampani ya ku Brazil ya Vale, imene inadzagulitsa kwa kampani ya Vulcan mu 2022. Malashawo ine ndimawadziwa, ngakhale sindinawagwirepo. Amadutsa m'boma lathu lomwe la Mwanza pa njanji imene inamangidwa kudzera ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno kukalumikizana ndi njanji yakale pa Nkaya, n'kupitirira mpaka kudoko la Nacala. Sitima yake ndi yaitali moti ukaima kuiwerenga mabogi umasokonezeka. Imadutsa osaima, itadzaza ndi zinthu zoyaka moto, m'dziko limene anyamata akukankha njinga zosenza matumba a makala kupita kumsewu waukulu. Ndinafunsa chifukwa chake bogi imodzi siingatsale pa Mwanza kuti mitengo ipumeko. Aphunzitsi anati malasha amenewo anagulidwa kale ndi mafakitale a zitsulo ndi a magetsi a kutsidya kwa nyanja, ndiponso si oyenera mbaula ya m'khitchini chifukwa cha utsi wake. Yankho lachiwirilo ndinalimva. Loyambalo linangondiuza kuti eni ndalama ali kutali.

Ndiye tinafika pa Zambezi. Dziko lonse louma lija, mbuzi zikudya minga, kenaka mtsinje wotambalala woti munthu wa kutsidya sungamuzindikire nkhope. Pali milatho iwiri: wakale wolendewera pa zingwe za zitsulo, umene unatha kumangidwa mu 1973 ndipo lero umatchedwa Samora Machel, ndi watsopano wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014 kuti magalimoto olemera azidutsapo.

"Madzi onsewa, bwanji dziko lili louma chonchi? Kodi kuno ndiye kuchipululu kumene timamva m'tchalitchi?"

Aphunzitsi anati ayi. Akatswiri amatcha malo chipululu ngati mvula yake siifika mamilimita 250 pachaka, pomwe ku Tete imagwa pafupifupi 600. Vuto ndi loti imagwa miyezi yochepa, mwaukali, kenaka dzuwa n'kumwa yonse. Madzi a mu Zambezi ndi alendo, amachokera kumpoto chakumadzulo kwa Zambia ndi ku Angola, kumene mvula ndi yambiri, ndipo pano amangodutsa. Amadzera pa Kariba, kenaka pa damu la Cahora Bassa limene lili kumtunda kwa Tete, ndipo magetsi ambiri opangidwa pamenepo amapita ku South Africa komwe ifenso tinkapita.

Mayi uja anawonjezera kuti ndisapusitsidwe ndi fumbi. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atafika, mtsinje wa Revúbuè unadzaza mpaka kugumula mlatho wa pakati pa Moatize ndi Tete. Ndi namondwe yemwe uja amene anaononga damu la Kapichira kwathu kuno, magetsi n'kumazimazima miyezi yambirimbiri. Anatinso ndikadzapeza mpata ndidzalawe nyama ya mbuzi ya ku Tete, imene imatchuka Mozambique yense chifukwa mbuzizo zimadya masau ndi malambe. Anthu a kumeneko amalankhula Chinyungwe, ndipo mnyamata amene ankagulitsa madzi ozizira pazenera ndinamumva pafupifupi zonse, kupatula mtengo wake.

Kuchoka ku Tete kulowera ku Changara ndiye kunali kouma zenizeni. Timitsinje tambiri tinali mchenga wokhawokha, amayi atakumba maenje pakati pake n'kumatunga ndi chikho. Zimenezi aphunzitsi sanazione zachilendo. Anati mtsinje wathu wa Mwanza, umene kumtunda kwathu timauona ndi madzi, ukatsikira kwawo ku Chikwawa umasanduka mchenga m'chilimwe, koma dzinja likafika umasefukira n'kukokolola minda. Anandiyang'ana ngati kuti mlandu wake ndi wanga.

Tinalowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda dzuwa litapendeka, ndipo msewu unayambanso kukwera. Cha ku Mutoko kuli mapiri a mwala umodzi, osalala, ena atasenza miyala ikuluikulu yosanjikizana yoti ukaiona umati igwa lero. Aphunzitsi anati palibe anaisanja. Mwalawo unang'ambika ming'alu kalekale uli pansi pa nthaka, madzi n'kumadya m'ming'alumo, ndipo dothi litakokoloka zotsalazo zinatsala zitakhalirana. Tinakumana ndi mathiraki, iliyonse itanyamula chimwala chimodzi chakuda chodulidwa bwino mbali zonse. Akuti miyala imeneyo imapita kunja kukakongoletsa nyumba ndi manda a anthu olemera. Ku Moatize anthu akuumba mapiri, ku Mutoko akuwadula n'kumawatumiza pa sitima. Ndinafunsa ngati amene amagula mwalawo amadziwa dzina la phiri limene unachokera, koma aphunzitsi anali atayamba kuwodzera.

Pofika ku Harare usiku, anthu omwe aja amene ankadzikupiza ndi mapasipoti ku Tete anali akufunafuna majuzi. Mayi wa geni anatulutsa bulangete m'chikwama chake osanena kanthu. Mzindawo uli pa mamita pafupifupi 1,500, ndipo nditawerengetsa ndi zala monga anandiphunzitsira aphunzitsi, ndinapeza kuti masamu awo aja sananame.

Kunatichera tikutsikiranso ku Beitbridge, pa mtsinje wa Limpopo. Ngati pali malo amene anayandikira chipululu pa ulendo wonsewo, ndi pamenepo. Mvula yake pachaka siifika mamilimita 400. Nthaka ndi yofiira, yamiyala, mitengo ya tsanya yaifupiifupi, abulu ataima pamthunzi wosakwana ndi mutu womwe. Mtsinje umene dzina lake limamveka m'nkhani zonse za anthu opita ku Joni unali mchenga ndi zithaphwi. Pamzere wodindira mapasipoti dzuwa linatiwamba popanda pothawira. Kutsidya, ku Musina, milambe inali yonenepa kuposa ya ku Tete.

Zimene zinandizunguza mutu zinali patsogolo. Kummwera kwa Musina kuli mzere wa mapiri otchedwa Soutpansberg, wopingasa njira. Basi inalowa pakati pa matanthwe, n'kudutsa m'mphanga ziwiri zoboola phiri, n'kukwera mokhotakhota. Titatulukira mbali inayo, cha ku Louis Trichardt, ndinaona ngati atisinthira dziko. Kunali nkhungu, mitengo ya bulugamu ndi paini, udzu wobiriwira, ndipo m'mbali mwa msewu amayi ankagulitsa nthochi ndi mapeyala. Phiri limodzi lomwelo, kuseri kwake abulu akusowa chodya.

"Aphunzitsi, kodi mvula imasankha?"

Anati mphepo yonyamula chinyontho imachokera kunyanja ya Indian, kummwera chakum'mawa. Ikagunda phiri ilibe kolowera, imakwera. Ikakwera imazizira, ndipo mpweya wozizira sungasunge chinyontho chambiri, choncho chimasanduka mitambo n'kugwa mbali yomweyo. Ikadumpha nsonga imatsika ilibe kanthu, ndipo potsikapo imatentha n'kumayamwa ngakhale kachinyontho kamene kali m'nthaka ya kuseriko. Anandikumbutsa chiperoni, kamvula kowaza kamene kamatipeza miyezi ya Juni ndi Julayi. Ndi mphepo yomweyo ikukwera mapiri a Mulanje, Thyolo ndi Blantyre, n'chifukwa chake tiyi amalimidwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, pomwe kwawo kuchigwa amalima thonje ndi mapira. Manachesi angawo, anatero, ndiziyamika kukwera kwa dziko la Mwanza.

Apa ndinafunsa chimene chinali chitayamba kundivuta mumtima. Mapiri ena a kwathu ametedwa ndi nkhwangwa, ndipo uvuni wa makala umafuka ngakhale mkati mwa nkhalango yotetezedwa. Kodi phiri lometedwa limagwetsabe mvula?

Ndinkayembekeza kuti anena kuti ayi, monga amanenera a pawailesi. Koma iwo anati phiri ndi phiri, mphepo idzalikwerabe ndipo mvula idzagwabe, mwina mocheperako. Chimene chimasintha ndi zimene zimachitika mvulayo ikafika pansi. Pamene pali mitengo, masamba ndi mizu zimaichedwetsa, imalowa m'nthaka n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka Okutobala. Pamene palibe, imathamanga tsiku lomwelo itanyamula dothi, n'kukafika kwawo ku Chikwawa ngati chigumula, ndipo pofika Ogasiti mtsinje wauma. Anati munthu ukhoza kukhala m'dziko la mvula yokwanira koma n'kumakumba mchenga kufuna madzi ngati amayi a ku Changara aja. Ndinawauza kuti amene amagula makalawo ali ku Blantyre, sali ku Thambani. Anati akudziwa, iwonso amaphikira omwewo.

Za chipululu chenicheni anangondifotokozera, poti njira yanga siinkafika kumeneko. Anati basi ya ku Cape Town imadutsa m'dera lotchedwa Karoo, kumene umayenda maola ambiri osaona mtengo, koma tizitsamba tofika m'mawondo, nkhosa, ndi makina oyendera mphepo opopa madzi a pansi. Masana kumawotcha, usiku wa mwezi wa Juni madzi amaundana, chifukwa kumwamba kulibe mtambo wobweza kutentha kumene nthaka ikutaya. Ukayandikira Cape Town nthawi yozizira umaona nsonga za mapiri zitayera ndi chipale. Anatinso ku Namibia kuli chipululu cha Namib chimene chinagundana ndi nyanja yeniyeni. Ndinati zimenezo ndiye zabodza, chipululu chingakhale bwanji m'mphepete mwa madzi? Anati madzi a nyanja ya kumeneko ndi ozizira kwambiri, amachokera kummwera, ndiye mpweya wa pamwamba pake sukwera kukapanga mitambo ya mvula, umangopanga nkhungu. Ndinalonjeza kuti ndikafika kwathu ndikawafunsa ana a sukulu aja, tione ngati adzasekenso.

Tinalowa mu Johannesburg madzulo kumwamba kutada bii. Mzindawo uli pa mamita opitirira 1,700, pamwamba kuposa Harare, ngakhale munthu suona kuti uli paphiri chifukwa dziko lake ndi lathyathyathya. Ziphaliwali zinang'anima, mabingu anagunda, ndipo kunagwa matalala amene ankalira padenga la basi moti sitinkamvana. Patangopita kanthawi kunayera, dzuwa n'kutulukanso. Aphunzitsi tinasiyana pa Park Station, iwo akufunafuna basi yawo ya ku Cape Town.

Choncho funso lomaliza ndinafunsa alamu anga. Kummwera kwa mzindawo ndinaona mapiri achikasu, osalala pamwamba ngati a ku Moatize aja. Alamu anati ndi mchenga wotsala pa miyala imene inaperedwa pofuna golide, kuyambira pamene anamupeza mu 1886. Miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala mphepo ikamakuntha, fumbi lake limalowa m'nyumba za anthu okhala pafupi, ndipo akuti m'fumbimo muli tizidutswa ta uranium. Ena mwa mapiriwo akuwagumulanso kuti asefe golide wotsalira. Lina lotchedwa Top Star, limene pamwamba pake anthu ankaonerapo kanema ali m'magalimoto awo, analichotsa lonse.

"Alamu, mapiri opangidwa ndi anthuwa amagwetsa mvula?"

"Amagwetsa chifuwa," anatero alamu.

Dzina loti uranium silinali lachilendo m'makutu mwanga. M'mapiri a ku Thambani muli miyala imene akatswiri akhala akuifufuza kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo zaka zapitazi kampani ya Mkango Resources, imene inafufuzanso miyala ku Songwe Hill ku Phalombe, inachita kafukufuku kwathu n'kunena kuti kuli niobium, tantalum ndi uranium. Achinyamata amati mgodi utabwera, kudzabwera ntchito, msewu wa phula ndi magetsi, ndipo ine sindingawatsutse, poti manachesi amabereka kamodzi pachaka ndipo ogula ndi amene amatchula mtengo. Ndangokonzeka ndi funso limodzi loti ndidzaimike nalo dzanja tsiku limene adzatiitanire kubwalo la amfumu. Kwathu mphepo ya mwera imaomba kuchokera kummwera chakum'mawa miyezi yonse ya chisanu. Dothi lotsala pokumbapo adzaliunjika mbali iti ya mudzi?